Flightradar24 ndi zoyezera phokoso za pafoni: zimathandiza bwanji pa nkhani ya ndege za ku Charles Prince

Anthu okhala ku Westgate, ku Good Hope ndi m'makomboni a oumba njerwa ku Mount Hampden akhala akulangizana kuti aike pafoni Flightradar24, pulogalamu yoonetsa ndege pamapu, aikenso pulogalamu yoyezera phokoso, kuti akamadandaula za ndege zazing'ono za pabwalo la Charles Prince azikhala ndi umboni. Nzeruyi si yoipa, koma zipangizo ziwirizi zili ndi pomwe zimalekezera, ndipo munthu wosadziwa malirewo amapita kumsonkhano ndi manambala amene woyendetsa ndege amawagwetsa ndi funso limodzi lokha. Chigamulo chathu ndi ichi: Flightradar24 yaulere ikani, yolipira musagule chifukwa cha nkhaniyi, choyezera phokoso cha pafoni chigwiritseni ntchito mosamala, ndipo umboni weniweni ukhale m'kope lolembedwa bwino.

Bwalo la Charles Prince lili makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Harare, ku Zimbabwe. Linayamba ngati malo ophunzitsira oyendetsa ndege zankhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mpaka lero ntchito yake yaikulu ndi ya ndege zazing'ono: masukulu ophunzitsa kuyendetsa, a Mashonaland Flying Club, ndege zahayala zopita ku Kariba ndi kumalo a nyama zakutchire. Bwaloli silinasunthe, nyumba ndi zimene zalisendera, makamaka chimangireni Nyumba ya Malamulo yatsopano ku Mount Hampden. Oyendetsa amati munatipeza tili kale pano, okhala amati ana athu sakumva aphunzitsi m'kalasi, ndipo onse akunena zoona.

Chimene chimatopetsa anthu si ndege yopita ku Kariba, chifukwa imeneyo imadutsa kamodzi basi. Chotopetsa ndi wophunzira amene akuyeserera kutera. Amanyamuka, kukwera mpaka mapazi pafupifupi 1,000 pamwamba pa bwalo, kuzungulira, kutsika, matayala kungogunda pansi, n'kupondanso moto wonse kunyamuka. Kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi 5 kapena 6, ndiye pa ola limodzi ndege imodzi yomweyo imadutsa pa denga lomwelo ka 10 kapena ka 12. Zikakhala zitatu m'mwamba, bata silipezeka. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amafuna maola osachepera 40 kuti munthu apeze laisensi yoyamba, ndipo gawo lalikulu la maola oyambirira limathera pa kuzungulira komweku. Choncho funso loyesera pulogalamu iliyonse ndi lakuti: kodi ikuiona ndege yozungulirayi?

Apa ndi pomwe Flightradar24 imafooka. Pulogalamuyi ndi ya kampani ya ku Sweden, ndipo si radar ya boma ayi. Imadalira makamaka timawailesi ta anthu wamba tomvera uthenga umene ndege zimaulutsa pa 1090 MHz. Ndege yokhala ndi chipangizo cha ADS-B imadzinenera yokha kuti ndine wakuti, ndili pakuti, ndakwera chonchi, ndipo imeneyo imaoneka pamapu bwinobwino. Ndege zikuluzikulu zotera pa bwalo lalikulu la Robert Gabriel Mugabe zili m'gulu limeneli, n'chifukwa chake munthu akangotsegula pulogalamuyi n'kuona ya Ethiopian kapena ya Airlink ikuyenda, amakhulupirira kuti zonse zikuoneka. Ndege zazing'ono zambiri ndi zakale, zopangidwa m'ma 1970, ndipo zina zili ndi transponder (chipangizo choulutsa uthenga wa ndege) ya mtundu wakale yosanena malo. Ya mtundu wa Mode S ingathe kupezedwa powerengera nthawi imene uthenga wake wafika pa timawailesi tosiyanasiyana, koma pamafunika timawailesi tinayi kapena kuposa tomwe tikuimva nthawi imodzi. Ndege imene ili mapazi 1,000 okha imabisika kuseri kwa zitunda ndi mitengo, ndipo kuti timawailesi tinayi tiimve pamodzi n'kovuta. Tindege topepuka kwambiri tina tilibe chilichonse choulutsa. Zotsatira zake n'zakuti ndege ikulira pamutu panu koma pamapu palibe kanthu, kapena mzere wake ukuoneka pang'ono n'kuduka pomwe yayamba kutsika.

Ndiye pamapu pakapanda ndege, sizitanthauza kuti sinadutse, ndiponso sizitanthauza kuti woyendetsa wazimitsa dala chipangizo kuti abisale. Mlandu wachiwiriwu anthu amaunena kawirikawiri m'magulu a WhatsApp, ndipo ndi umene umakwiyitsa oyendetsa mpaka kusiya kumvetsera zina zonse.

Ndege ikaoneka, pali misampha itatu pa manambala, ndipo waukulu ndi wa kutalika. Nambala imene Flightradar24 imaonetsa ndi yoyambira panyanja yamchere, osati padenga lanu. Charles Prince ili pa mapazi pafupifupi 4,850 kuchokera panyanja. Mukaona 5,850, ndegeyo ili mapazi 1,000 pamwamba pa bwalo, ndipo ili pamalo ake oyenera. Pamenepa ambiri amadziwa kuchotsera. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambalayo imawerengedwa ngati kuti mphamvu ya mpweya ndi 1013 hPa tsiku lililonse, pomwe kuno nyengo yozizira imakonda kupitirira 1020. Kusiyana kwa 1 hPa kumasuntha nambala ndi mapazi pafupifupi 30. Tsiku la 1023, ndege imene ilidi pa 5,850 imaoneka pafoni ngati ili pa 5,550. Munthu amajambula chithunzi, kulemba kalata kuti ndege inatsika mpaka mapazi 700, ndipo woyendetsa amangotulutsa lipoti la nyengo ya tsikulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Msampha wachiwiri ndi nthawi: za ndege zimalembedwa mu UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse, ndipo ife tili patsogolo ndi maola 2. Ndege ya 9 koloko m'mawa, m'buku la woyendetsa ndi pansanja ya bwalo ili pa 07:00. Onani kuti foni yanu ikuonetsa nthawi iti, ndipo m'kalata nenani kuti ndi nthawi ya kuno. Wachitatu ndi wakuti eni ndege angapemphe kuti nambala yawo isaoneke, ndiye nthawi zina mumangoona mtundu wa ndege popanda dzina.

Yolipira imakupatsani mbiri ya miyezi yambiri m'malo mwa masiku 7 a yaulere, imachotsanso zotsatsa malonda. Siionjezera maso. Ndege yosaoneka pa yaulere sioneka pa yolipira. Masiku 7 ndi okwanira ngati mumatsegula madzulo alionse n'kujambula zimene zadutsa, zimenenso zimapulumutsa bandulo kusiyana ndi kusiya mapu akuyenda tsiku lonse.

Ngati gulu la m'dera lili ndi ndalama yosonkha, ndi bwino ipite pa kawailesi kanukanu. Pamafunika kakompyuta ka Raspberry Pi, kachipangizo komvera uthenga ka RTL-SDR kolowetsa pa USB, ndi mlongoti wa 1090 MHz, umene ngakhale wokonza ma TV angapange ndi waya wa kopa wotalika masentimita 6.9 ndi timawaya tina tinayi totambasukira m'mbali. Mlongoti ukhale pamwamba pa denga poonekera mbali ya bwalo, chingwe chake chikhale chachifupi chifukwa chingwe chachitali chimadya uthenga wa mtundu umenewu. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi magetsi: akathima mwadzidzidzi kakhadi ka mkati kamawonongeka, ndiye kakompyutako kazidyera pa batire ya sola kapena pa power bank yotha kutchaja uku ikupereka moto. Phindu lake n'lakuti ndege za ADS-B mumaziona mpaka pansi penipeni, ndipo za Mode S, ngakhale sizioneka pamapu, zimakupatsani nambala yozizindikiritsa, kutalika ndi nthawi. Amene amatumiza zomwe kawailesi kawo kamva ku Flightradar24 amapatsidwa mwayi wa yolipira kwaulere, ndipo kampaniyo imalandiranso mapempho a anthu ofuna kusunga kawailesi kake m'madera omwe siimva bwino.

Popanda zonsezi, maso akadali ndi ntchito. Ndege za ku Zimbabwe nambala yake imayamba ndi Z, za ku South Africa ZS kapena ZU, za kwathu ku Malawi 7Q. Zilembo za pansi pa phiko zimakhala zazikulu masentimita osachepera 50, ndipo ndi zoonera patali zotchipa zimawerengeka ndege ikamakwera. Pa kutalika pali njira ya chala: mapiko a Cessna 172 ndi otambasuka mamita 11. Ikakhala pamutu penipeni, tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi. Chala chachikulu chikaphimba mapiko onse, ndegeyo ili pa mamita pafupifupi 300, omwe ndi mapazi 1,000 aja. Mapiko akafuna zala ziwiri, ili pa theka lake. Njirayi si ya kukhoti, koma imathandiza kuti musamati yatsika pomwe yangolira kwambiri.

Ndipo ngakhale itatsikadi, lamulo lili ndi khomo. Muyezo wa ICAO umati pamwamba pa nyumba zothinana ndege isatsike kuposa mapazi 1,000 kuchokera pa chinthu chachitali kwambiri chapafupi, kwina konse mapazi 500, kupatula ponyamuka ndi potera. Wophunzira wozungulira bwalo nthawi zonse amakhala akunyamuka kapena akutera. N'chifukwa chake madandaulo omangidwa pa mawu akuti akuphwanya lamulo sapita patali.

Tibwere ku zoyezera phokoso. Yodalirika pa zaulere ndi NIOSH Sound Level Meter, yopangidwa ndi bungwe la boma la America loona za umoyo wa anthu pantchito. Oipanga anaiyesa ndipo imaphonya ndi 2 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) kapena kucheperapo. Vuto lake n'lakuti ili pa iPhone pokha, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mafoni a Android ndi amitundumitundu, maikolofoni yake ndi yosiyana, palibe njira yoti pulogalamu imodzi iwadziwe onse. Ambiri a ife tili ndi Itel, Tecno kapena Samsung, ndipo mafoni awiri oikidwa patebulo limodzi angathe kusiyana kwambiri pa phokoso lomwelo. Mafoni ena amadzichepetsera okha mawu akakwera, poti anapangidwira kuyankhulana, ndiye nambala imakanirira malo amodzi pomwe ndege ikuyandikirabe. Pa Android, NoiseCapture ndi yabwinoko chifukwa imalola kuikonza poyerekeza ndi choyezera china. Ikakhala yosakonzedwa, nambala yake musaitenge ngati yeniyeni, koma kusiyana kwake n'kothandiza: foni yomweyo, malo omwewo, 42 ndege isanafike, 66 ikudutsa. Kusiyana kwa 24 kumeneko palibe angakutsutse kwambiri.

Choyezera cha m'manja chotchipa ngati UNI-T UT353 chimaposa foni chifukwa sichisinthasintha. Chimene akatswiri amavomereza ndi cholembedwa IEC 61672 Class 2, choyesedwa ndi kachipangizo kolira 94 dB musanayambe ndi mukamaliza. Chimenecho n'chobwereka tsiku limene nkhani yafika kwa akuluakulu, osati chogula banja lililonse.

Kayezedwe ndi komwe kumawononga manambala ambiri. Imani panja, mamita 3.5 kapena kuposa kuchokera kukhoma, chifukwa khoma limabweza mawu n'kuonjezera mpaka 3 dB. Chipangizo chikhale mamita 1.2 mpaka 1.5 kuchokera pansi, chochotsedwa m'chikwama chake, chala chisatseke kabowo ka maikolofoni. Mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala ikawomba pa maikolofoni imapereka manambala aakulu onama, ndiye valikani kasiponji. Pa choyezeracho sankhani A, muyezo wotsanzira khutu la munthu, ndi Slow, kuti nambala isamalumphelumphe, ndipo lembani nambala yapamwamba kwambiri pa ndege iliyonse. Jenereta ya neba ikalira, galu akauwa, kapena lole ya njerwa ikadutsa, muyezo umenewo utayeni, lembani kuti wawonongeka.

Nambala ya avereji ya tsiku lonse isakunyengeni. Ndege 30 zodutsa kwa masekondi 20 iliyonse ndi mphindi 10 zokha, ndipo zikasakanizidwa ndi maola a bata zimasungunuka ngati mchere m'ndiwo, nambala n'kuoneka yabwinobwino pomwe mphunzitsi waima pakati pa chiganizo ka 30. Bungwe la WHO mu 1999 linati m'kalasi phokoso lisapitirire 35 dB ndipo m'chipinda chogona 30 dB, ndipo mu 2018 nthambi yake ya ku Ulaya inalangiza 45 dB ngati avereji ya phokoso la ndege. Manambalawa ndi malangizo, si lamulo la Zimbabwe, koma amasonyeza kukula kwa nkhani. Kumbukirani kuti kukwera kwa 10 dB khutu limakumva ngati kuwirikiza kawiri, ndipo ndege ikatalikira kawiri phokoso limatsika ndi 6 dB. Ndiye ndege yodutsa pa mapazi 500 m'malo mwa 1,000 imasiyana ndi 6 dB, zomwe zimamveka ndithu.

Pali chinanso chimene foni siigwira bwino, ndipo chimatikhudza ife a nyumba za malata zopanda siling'i. Pulopela ya masamba awiri yozungulira ka 2,400 pa mphindi imamenya mpweya ka 80 pa sekondi. Mawu otsika chonchi muyezo wa A umawachotsera ma dB opitirira 20, maikolofoni ya foni nayo imawasefa, koma ndi amene amalowa m'malata ndi kunjenjemeretsa mawindo. Agogo akamati ndege ikumveka m'chifuwa pomwe foni ikuti 58, agogo sakunama. Ngati chipangizo chili ndi muyezo wa C, womva mawu otsika, yezani kawiri, A ndi C, mulembe zonse.

Kope likhale ndi tsiku, ola ndi mphindi, mtundu kapena nambala ya ndege, kumene yachokera ndi kumene yalowera, phokoso lisanafike ndi lapamwamba, ndi chimene chasokonezeka: kalasi, mapemphero, tulo ta mlonda wogwira usiku, wodwala. Nyumba zitatu kapena zinayi m'malo osiyana zilembe milungu iwiri kapena itatu yomweyo. Mukatero zinthu zimaonekera zokha. Mudzaona kuti m'mawa wa Juni ndi Julayi phokoso limafika patali, chifukwa mpweya wozizira wogona pansi umabwezera mawu kudothi. Mudzaonanso kuti masana a Okutobala ndege zimadutsa motsika. Woyendetsa sakuchita mwano: pa 30 digiri, mpweya wa pabwalo lokwera ngati ili umapepuka ngati wa pa mapazi pafupifupi 7,800, injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mapazi 1,000 alionse, ndipo kandege kophunzirira kokhala ndi anthu awiri kamakwera movutikira. Mbali yonyamukira nayo imalamulidwa ndi mphepo. Bwaloli lili ndi misewu iwiri, 06/24 ndi 14/32, ndege imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo, ndipo poti ya kuno imakonda kuchokera kum'mawa, zambiri zimanyamuka cholowera kum'mawa.

Kope lomwelo lidzakuonetsani kuti ndege zolira moboola m'khutu ndi zochepa, ndipo ndi zomwezomwezo. Chimalira kwambiri si injini koma nsonga za pulopela. Cessna 185 yokhala ndi pulopela ya mainchesi 86 yozungulira ka 2,850 pa mphindi, nsonga zake zimathamanga mamita pafupifupi 326 pa sekondi, kufupi ndi liwiro la mawu lomwe ndi 340. Cessna 172 pa 2,400 ili pa 240 basi. Ndege za mtundu woyambawo zili ndi chowongolera liwiro la pulopela, ndipo woyendetsa akafika potalika bwino n'kutsitsa mpaka 2,500, kulira kuja kumachepa kwambiri popanda ngozi. Pempho lotere, lotchula ndege ndi malo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu amalimva chifukwa ndi chilankhulo chake.

Zina zotheka kupempha ndi izi: kuti kuzungulira kwa ophunzira kusayambe mbandakucha Lamlungu, kuti nthawi ya mayeso a sukulu kuchepe, kuti azinyamuka kuyambira kumayambiriro kwa msewu kuti pofika panyumba akhale atakwera, kuti mzere wozungulira usunthidwe pang'ono kupewa sukulu kapena chipatala ngati pansanja avomereza, ndi kuti masewero ozimitsa ndi kuyatsa mphamvu azikachitira kutali kuminda. Zosatheka n'zakuti anyamuke mphepo ili kumbuyo kapena achepetse moto atangochoka pansi. Pamenepo pali moyo wa anthu, a m'ndege ndi a pansi omwe. Ndipo chonde, abale, ana asaloze ndege ndi tochi ya laser kapena kuulutsa drone ndi kaiti kufupi ndi bwalo. Woyendetsa wothobwa m'maso pa mapazi 300 amagwera pa nyumba zathu zomwe.

Kalata ipite koyenera. Bwalo limayendetsedwa ndi Airports Company of Zimbabwe, ndiye za maola ndi kayendedwe ka pabwalo ziyambire kwa mkulu wa bwalo ndi masukulu. Za ndege imene mukukhulupirira kuti yauluka moopsa ndi za Civil Aviation Authority of Zimbabwe, ndipo kumeneko amafuna tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya ndege. Khansala ndi a EMA, bungwe loona zachilengedwe, alibe mphamvu pa njira za m'mwamba, koma khonsolo ndi imene imavomereza mapulani a nyumba, ndipo funso loti n'chifukwa chiyani malo ali pansi pa mzere wonyamukira akugawidwabe ndi lawo. Amene mukufuna kugula malo kapena kuchita lendi cha kumeneko, pitani Loweruka pakati pa 7 ndi 10 koloko m'mawa, mukhale ola lathunthu panja, muwerenge ndege, kenako mulowe m'nyumba mutseke chitseko mumve ngati muli siling'i. Siling'i yokhala ndi zofunda za fibreglass za mamilimita 50 kapena 100 pamwamba pake, ndi mipata ya m'mawindo ndi pansi pa chitseko yotsekedwa ndi labala, zimachepetsa kwambiri mawu okwera, ngakhale kugunda kotsika kuja kumalowabe.